Zimene Timaphunzitsana pa Benchi la ku Kiliniki

Rozaliya mwana wanga,

Ndakhala pakhonde masana ano, mtedza ndauyanika, pakhomo pali zii chifukwa iwe wapita kumishoni kukatsanzika abambo mfumu ndi anzako a kwaya. Atate ako ali kuseri akumanga kaliyala wa njinga ndi mphira kuti mawa sutikesi yako isakagwe m'njira. Akuimba nyimbo ya Pasaka ngakhale nyengo yake inapita kalekale, ndiye udziwe kuti pano pali chimwemwe. Mwana wa ine Anastaziya, mlimi wa mtedza wa kuno ku Zemba, mawa akukayamba ntchito ya unesi kukiliniki ya kuseri kwa Mlolo! Ambuye ndi abwino. Sindikubisa, ndikunyada, moti dzulo kuchigayo ndinauza ngakhale anthu amene sanandifunse.

Ndasankha kulemba chifukwa pakamwa sitimvana. Ndikangoyamba umaseka, n'kunena kuti, "Amama, zimenezo tinaphunzira." Pepala sungalidule mawu. Za amuna ndi za kavalidwe azakhali ako akuuza kale mpaka makutu atopa, ine sindibwerezanso. Ndili ndi nkhani imodzi yokha imene kusukulu sanakuphunzitse. Iwe unaphunzira za kuseri kwa tebulo. Ine ndikudziwa za pa benchi lija la panja, pamene amayi timadikira ndi ana kumbuyo.

Nkhawa yanga ndi iwe amene. Ndinakubala, ndimakudziwa: sutha kupirira munthu akakukwiyira. Uli wamng'ono unkapereka chimanga chako chootcha kwa aliyense wokuyang'ana mwachisoni, kenako n'kumanditsata kumbuyo ukulira njala. Mtima umenewo ndi wabwino, koma kumene ukupitako kuli kabati ya mankhwala, ndipo kiyi wake azikhala m'thumba mwako. Amayi azikupempha botolo lija la pinki, limene iwe umati maantibayotiki, pa chimfine chilichonse cha khanda. Ndamva kuti masiku ano kulinso timapilitsi tosungunula m'madzi, koma pempho lake ndi lomwelo. Ukakafuna kuti aliyense azikukonda, uzikapereka, ndipo ovutika ndi ukoma mtima wakowo adzakhala ana a eni ake. Ndiye tamvera ndikuululire mmene timachitira, anzanga a pa benchi andikhululukire.

Ndili ndi mwana woyamba, mlongo wako Petulo, ndinapita naye kukiliniki atagwidwa chimfine. Mamina mbwee, kutsokomola pang'ono, basi. Pa benchi ndinakhala pafupi ndi amake Domingo, anansi athu aja amene anabwera kuno ali atsikana pothawa nkhondo ya ku Mozambiki. Anandifunsa, "Mukanena chiyani m'katimo?" Ndinati, "Chimfine." Mayi aja anaomba m'manja. "Ii, mwanawe! Ulendo wonsewu kudzanena chimfine? Mubwerera chimanjamanja. Mukanene kuti usiku akubanika, thupi likuotcha ngati mbaula, ndipo bere akulikana." Sanalekere pomwepo. Anavula nsalu yawo n'kumukulunga Petulo pamwamba pa bulangeti, n'kundisunthira kumapeto kwa benchi kumene kunali dzuwa, kuti polowa mwana akhale wotentha. Amayi ena onse ankangogwedeza mitu, chifukwa maphunziro amenewa aliyense anadutsamo. Nditalowa ndinalakatula zonse ngati katekisimu. Ndili pakati pa mawu akuti "bere akulikana", Petulo anadzuka, n'kusolola bere m'bulauzi yekha, n'kuyamba kuyamwa mochita kumveka mpaka pakhomo. Nesi anandiyang'ana, anayang'ana mwana, kenako anati, "Mayi, wokana bere uja mwamusiya panja?" Manyazi ake, ndinasowa poyang'ana.

Ndiye Rozaliya, mawu a mayi uziwamva mwaulemu, koma maso ako azikhala pa mwana. Mumasule nsalu zonse, umusiye azizire pang'ono, umuone mmene akupumira, mmene akuyamwira, ngati akutsata chala chako ndi maso. Zoyeza malungo ndi zina zonsezo ukuzidziwa kuposa ine. Pakamwa pathu pamaphunzitsidwa pa benchi, koma khanda silinaphunzire kunama. Ndipo ukamugwira mayi bodza, usamuchititse manyazi pa anzake. Seka naye pang'ono chitseko chili chotseka, zithere momwemo.

Nesi amene anandigwira uja tinkamutcha aPitanibwino. Dzina lawo lenileni ambiri sitinkalidziwa n'komwe. Tinawapatsa limeneli chifukwa pa chimfine ankamuyeza mwana kwa nthawi yaitali, kenako n'kunena kuti, "Muziyamwitsa pafupipafupi, muzimupukuta mphuno, akatentha mumupatse panado, pitani bwino." Panalinso bambo wina pakiliniki pomwepo amene tinkamutcha aMataya. Amenewo, ee, mwana asanamumasule n'komwe kumbuyo, botolo lili kale patebulo. Tinkawakonda aMataya! Nthawi yokolola khonde lawo linkadzaza mtedza, maungu ndi nkhuku zomanga miyendo. Ine ndemwe ndinawapititsira tambala wofiira amene atate ako ankamusungira Khirisimasi, ndipo nkhani ya tambala ameneyo sinathebe m'nyumba muno. Tikamapita kukiliniki tinkafunsa obwerera m'njira kuti, "Lero kuli ndani?" Akati aPitanibwino, ena ankatembenukira pomwepo, ati bola kukapalira.

Usaganize kuti tinali zitsiru, mwana wanga. Ichi ndiye uchigwire kwambiri. Mayi amadzuka kusanache, amasiya munda, amayenda ndi mwana kumbuyo kudutsa madambo, ndipo pobwera amapeza mwamuna ndi apongozi atakhala pabwalo. Funso lake ndi limodzi: "Akupatsani chiyani?" Ukati palibe, mwamuna amati unangopita kukacheza, apongozi amati sunafotokoze bwino, ndiwe wopusa pakamwa. Botolo lija linali mboni yathu. Ukalitulutsa m'nsalu, pabwalo pamakhala mtendere. Ndiye palinso mantha, amene sindingawafotokoze bwino kwa munthu amene sanaberekepo. Khanda likamatsokomola, chifuwa chimene chimapweteka ndi cha mayi. Umafuna kuchitapo kanthu, kalikonse, ndipo kungodikira kumaoneka ngati kulekerera.

Choncho ukamukana mayi botolo, usamubweze wopanda chonyamula. Mupatse mawu oti akanene kunyumba. Umuuze momveka kuti, "Mwanayu ndamuyeza, chifuwa chake chili bwino, ndi chimfine, ndipo mankhwala awa sachiza chimfine." Umuuze zoti aziyang'anira: akayamba kupuma mothamanga, nthiti zikamalowa m'kati, akaleka kuyamwa zenizeni, akafooka, akakomoka, abwere msangamsanga osadikira kuti kuche kaye. Umuuze abwereze mawuwo kuti umve ngati wawagwira. Ngati mwamuna wake waima panja ndi njinga, muitane alowe, amve ndi makutu ake, kuti mlandu usakagwere mkazi yekha. Zimatenga nthawi, ndikudziwa, ndipo mzere umakhala wautali. Kupereka botolo ndiko kwachangu, n'chifukwa chake aMataya ankaweruka dzuwa likadali pamutu.

Tsopano ndikuuze kumene mabotolo aja ankathera, chifukwa iwe ukhoza kumaganiza kuti ankathera m'mimba mwa mwana amene analembedwa. Ayi ndithu. Mwana akangoyamba kusewera, tinkaleka kumupatsa, otsalawo n'kuika pamwamba pa khoma, kuseri kwa chithunzi cha Amayi Maria. Amene wamaliza botolo lonse tinkamuona ngati wosakaza. Ndiye ukudziwa mwambo wathu wa mumphakati, kagulu kathu ka akhristu a m'mudzi, kuti kukazonda wodwala supita manja ali lendee. Kwa wamkulu timatenga ufa kapena nkhuni. Kwa khanda tinkatenga botolo lotsala. Umafika, umapereka moni, mumapemphera, kenako umalitulutsa n'kunena kuti, "Awa anamuthandiza wanga mwezi watha." Kukana kunali ngati kukana moni. Mayi wa mwana ankayenera kumwetsa kasupuni pomwepo mlendo akuona, kusonyeza kuthokoza. Akabwera ozonda ambiri, mwana ankalawa mabotolo a mudzi wonse, ena atasintha kale fungo. Tinkachita zimenezi mwachikondi chenicheni, tikuimba nyimbo za Mulungu.

Iwe amene unamwa za kuzonda zimenezi, ukufuna kudziwa? Unali ndi chifuwa chaching'ono, amayi a mumphakati anabwera, ndipo mawa lake unayamba kutsegula m'mimba. Kenako m'kamwa munachita zoyera ngati mkaka wosachoka, bere n'kumalikana, ulendo uno osati zabodza. Ife tinati matenda akula, tionjezere mankhwala. Anali aPitanibwino amene anandifunsa kuti wamwa chiyani, n'kundiuza kuti ndisiye zonse, ndikupatse madzi a moyo, aja a mchere ndi shuga, ndi bere basi, n'kundipatsa kopaka m'kamwa. Unachira. Koma mutu wanga unali wouma, ndinati zangochitika.

Chimene chinandiphunzitsa ndi mlongo wako wamng'ono Yosefe. Iye ndiye anakulira pa botolo kuposa nonse, chifukwa pofika nthawi yake ndinali katswiri, ine ndiye ndinkaphunzitsa atsikana pa benchi. Atangoyamba kuyenda anadwala, ndipo ndinadziwa pomwepo kuti aka si kachimfine. Sankalira n'komwe, ankangopuma mothamanga ngati kankhuku kothawa kabawi. Tinathamanga naye panjinga, ndipo m'njira sindinafunse aliyense kuti lero kuli ndani. Tinapeza aPitanibwino. Ndinatsegula pakamwa kuti ndifotokoze, koma mawu onse aja, akubanika, akukana bere, ndinali nditawanena kambirimbiri pa ana abwinobwino, moti ndinachita mantha kuti lero sandikhulupirira. Iwo sanadikire mawu anga. Anakweza kamalaya, anaona nthiti, nkhope yawo inasintha. Tsiku limenelo sananene kuti pitani bwino. Anati, "Ndi chibayo ichi." Anamubaya jakisoni, anafuna galimoto yopita kuchipatala cha ku boma, ndipo mwana anamunyamula okha mpaka kumsewu, ine ndikuthamanga pambuyo ndi nsapato m'manja.

Kuchipatala mankhwala oyamba sanagwire msanga. Anasintha, n'kuika ena a m'mitsempha, ife tikungopemphera kolona. Dokotala wake, mnyamata waulemu, anatifunsa zimene mwana ankamwa kunyumba, ndipo nditafotokoza za mabotolo a pakhoma anapuma mozama. Sanatikalipire, komanso sanalumbire kuti ndi zimenezo zokha zachititsa. Anangoti tizilombo tikamakumana ndi mankhwala pafupipafupi, pang'onopang'ono, mosamaliza, timawazolowera, ndipo tsiku lowafuna zenizeni amapezeka alibe mphamvu. Ine sindinamve bwino. Anamva ndi atate ako. Anati, "Amake Petulo, ndi za mbozi za m'thonje zija. Chaka chimene tinkasungunula mankhwala ndi madzi ambiri kuti akwanire munda wonse, tikupopera mbozi zikungotiyang'ana." Dokotala anaseka, ati mwamva kuposa ena ophunzira nawo. Yosefe anachira, si uyu lero akumaliza poto yekha n'kumafunsa ngati kwatsala zina? Titabwerera kunyumba ndinakwera pampando, ndinatsitsa mabotolo onse, atate ako anakawataya m'chimbudzi.

Ndakuuza nkhani ya Yosefe pa zifukwa ziwiri, ndipo chachiwiri usachiiwale. Kukana si ntchito yako. Ntchito yako ndi kuona. APitanibwino sanali oumira monga tinkanenera, ankasungira mankhwala mwana amene akuwafunadi, ndipo tsiku limenelo anapereka mosazengereza. Usakakhale nesi wonyadira kuti ine sindipereka. Mwana akafunika mankhwala, mupatse, ndipo umuuze mayi kuti amalize monga wamulembera, asasungire wa mnzake. Ukakayikira, funsa anzako a pantchito, kapena umuuze mayi abwerenso mawa. Safunsa anadya phula.

Kusiya mwambo wa kuzonda uja kunandivuta kuposa kutaya mabotolo. Amake Domingo atabwera ndi lawo pa chimfine china cha Yosefe, ndinalilandira ndi manja awiri, ndinathokoza, n'kunena kuti wangomwa kumene zina, ndimupatsa madzulo. Kukana nsalu ya akulu n'kuviika. Koma ndinaona kuti kuviika kokha sikukwanira, chifukwa botolo lomwelo mawa lipita kwa khanda lina. Ndiye tsiku lina pamsonkhano wa mphakati ndinaimirira n'kunena zimene dokotala anatiuza. Ena anang'ung'udza, ati Anastaziya wagona kuchipatala cha ku boma basi wasanduka dokotala. Amake Domingo anakhala nthawi osandipatsa moni wabwino. Lero tikazonda khanda timatenga sopo kapena ufa wa phala, ndipo amene amakalipira atsikana akatulutsa botolo ndi amake Domingo omwewo, ngati nzeruyo anaiyamba ndi iwo. Ine ndimangowasiya, chofunika n'chakuti zinatheka.

Sindikunamize kuti udzakondedwa ndi onse. APitanibwino atasamutsidwa, owaperekeza tinali ochepa, ndipo mpaka lero alipo amayi amene amati anali ouma mtima. AMataya anaperekezedwa ndi ngolo yodzaza. Iwenso adzakupatsa dzina kumeneko, ndipo mwina silidzakhala lokoma. Udzalimva kwa ana akusewera panjira. Tsiku limenelo udzalira, ndikukudziwa, ndiye undiimbire foni, ndidzakwera pachulu paja pamene netiweki imagwira, tidzalire limodzi kenako tidzaseke. Unalira mvula, mwana wanga, matope ake ndi amenewa. Dzina silipha munthu. Nkhuku akakupatsa mwana atachira, landira, uthokoze, udye. Akakupatsa usanamuone mwana, imeneyo si mphatso, unene kuti aisunge kaye.

Zina ndi zazing'ono. Uzidya m'mawa usanatsegule chitseko, chifukwa munthu wanjala amafuna mzere uthe msanga. Akulu a kumeneko uwapatse moni wogwada ngakhale wavala yunifolomu. Lamulungu uzipita kutchalitchi, ukalowe kwaya ndi mphakati wa kumeneko, chifukwa mayi amene waimba naye limodzi savuta kukumvera ukamuuza zowawa. Juzi ija yobiriwira ndaiika pansi pa sutikesi, kumeneko mwezi wa Juni kumazizira.

Tsopano pali kanthu kena, ndipo apa cholembera chikundilemera. Tamandani, khanda la mlongo wako Petulo, ali ndi chimfine. Mamina akutuluka, akutsokomola, koma akuyamwa ndipo m'mawa uno amakoka mchira wa mphaka. Amake anabwera kwa ine ndili kuyanika mtedza, anagwada, n'kunena kuti, "Amama, alamu akuchoka mawa. Muwapemphe atilembere dzina la mankhwala papepala, bambo ake akagule kusitolo ya ku boma. Ine ndikuopa kuwapempha, koma inu sangakukaneni." Ukudziwa chimene ndinayankha, ine amene ndalemba masamba onsewa? Ndinati, "Chabwino, ndimupempha." Mwanayo anatsokomola ali pamiyendo panga, nzeru zonse zija zinathawa. Ndi mdzukulu wanga woyamba, Rozaliya. Mtima wa pa benchi sukalamba.

Ndiye mawa m'mawa, usanakwere njinga, ndibwera naye kwa iwe ndekha. Ndidzakupempha pamaso pa atate ako ndi mlamu wako, ndipo sindidzapempha mwamasewera. Ndidzakukumbutsa kuti ndinakubala, kuti mtedza wanga ndiwo unakuphunzitsa, kuti kapepala kamodzi si kanthu. Iwe umuyeze bwinobwino, usafulumire chifukwa cha minibasi. Ukapeza choopsa, unene, tithamange naye kukiliniki. Ukapeza kuti ndi chimfine chabe, undiyang'ane m'maso undikane. Ndidzakwiya, usadabwe. Mwina ndidzakuperekeza mpaka kumsewu osalankhula, mwina sindidzakweza n'komwe dzanja minibasi ikamanyamuka. Usatsike kudzandipepesa, ndipo usatulutse cholembera pawindo. Kwa Mlolo kulibe mayi amene adzakuvute kuposa ine.

Amayi Maria akufungatire, Ambuye akutsogolere m'manja ndi m'maso.

Ndine mayi wako wokunyadira,
Anastaziya Naphiri